Kwini wa Lasker pa h7, ndi mfumu imene inakokedwa bolodi lonse osapuma

Mu Okutobala 1912, Edward Lasker, mnyamata wochokera ku Germany amene anali atangofika kumene ku London, anakhala pa bolodi ndi George Thomas ku City of London Chess Club nkusewera gemu yongocheza, sinali ya mpikisano ayi, koma mpaka lero anthu a tchesi dziko lonse amaiyalabe pa bolodi kuti aionenso. Thomas sanali munthu wongotoleredwa panjira, pambuyo pake anadzakhala champiyoni wa Britain kawiri, 1923 ndi 1934, komanso ndi yemwe uja wa badminton amene chikho cha Thomas Cup chinatengera dzina lake. Lasker uyunso musamusokoneze ndi Emanuel Lasker amene anali champiyoni wa dziko lonse kuyambira 1894 mpaka 1921, awa ndi anthu awiri osiyana. Gemu yake inatha pa muvu 18, mfumu yakuda ya Thomas itayenda kuchoka kwawo pa g8 nkukafera pa g1, kumene kuli kwawo kwa oyera.

Ndikulemba za gemu imeneyi chifukwa kuno ku Harare, pagulu lathu laling'ono la a Chichewa amene timasewera tchesi ku Highfield Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi cha CCAP, pali mkangano umene sumatha pa nkhani yopereka pisi mwadala, ndipo ine mbali zonse ziwiri sindigwirizana nazo. Mbali imodzi kuli malume anga, telala, bambo awo anachokera ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iwowo anakulira pa bawo ndi drafti yosewera ndi zitsekerero za mabotolo ndipo tchesi anaiphunzira atakula kale, kwa iwo kudya ndi kudya basi, munthu amene ali ndi mapisi ambiri ndiye akuwina, ukawapatsa bishopu amangoti "zikomo mwanawe" nkumuika mthumba la malaya. Mbali inayo kuli anyamata, mphwanga ndi anzake, amene amaonera timavidiyo pa foni usiku data ikatchipa, ndiye mawa lake aliyense akufuna kuponya kwini ngati Mikhail Tal, champiyoni wakale wa dziko lonse wodziwika ndi kupereka mapisi, gemu iliyonse bishopu pa h7, hatchi pa f7, zitheke zisatheke. Malume amawadya anyamatawa pafupifupi sabata iliyonse, ndiye amaona ngati nkhani yatha, kupereka pisi ndi uchitsiru wa ana. Koma ayi malume, sichoncho. Gemu ya Lasker ikuonetsa kuti kupereka kwini kwenikweni ndi ntchito yowerengera yolimba kuposa yanu yosunga mapisi ija, kungoti chimene akuwerenga ndi china.

Yalani bolodi kaye, nkhani iyi simveka pongowerenga ndi maso. Polemba mamuvu, K ndi mfumu, Q kwini, R ruku, B bishopu, N hatchi, x ndi kudya, + ndi cheki. Umu ndi mmene mapisi analili onse awiri atasewera muvu 10. Oyera, a Lasker: mfumu pa e1, sinapangebe castling (muvu ija yosuntha mfumu ndi ruku nthawi imodzi), kwini pa h5, maruku pa a1 ndi h1, bishopu pa d3, mahatchi awiri pa e4 ndi e5, maponi pa a2, b2, c2, d4, f2, g2, h2. Akuda, a Thomas: mfumu pa g8, kwini pa e7, maruku pa a8 ndi f8, mabishopu pa b7 ndi f6, hatchi pa b8, maponi pa a7, b6, c7, d7, e6, g7, h7. Mapisi ndi ofanana ndendende mbali zonse, malume akanayang'ana akanati palibe chavuta apa.

Koma taonani pakhomo pa mfumu yakudayo. Thomas anatsegula ndi kaseweredwe kotchedwa Dutch Defence, poni yake ya f inapita kutsogolo nkukasinthanitsidwa pa e4, ndiye pa f7 palibe kanthu. Hatchi yake imene imayenera kukhala pa f6, imene ndi mlonda weniweni wa h7 ndi h5, Lasker anaidya msanga ndi bishopu, ndipo chimene chinabwera pa f6 mmalo mwake ndi bishopu wa timabokosi takuda amene h7 sangamuteteze olo pang'ono. Hatchi ina ija ili gone pa b8, ruku ya a8 nayonso sinasunthe chiyambire gemu. Oyera ali ndi mapisi anayi oloza kumeneko, kwini, mahatchi awiri, ndi bishopu wa d3 amene wabisala kuseri kwa hatchi ya e4, hatchiyo ikangodumpha mzere wake wopingasa ukutseguka mpaka pa h7.

Pa muvu 10 Lasker anabweretsa kwini pa h5 ndipo chimene amaopseza chinali poyera, kudya pa f6 ndi cheki kenako kwini adye pa h7 meti. Thomas anachiona, nkuyankha 10...Qe7, ndipo muvu imeneyi ili ndi nzeru yake, musaiseke. Maganizo ake anali oti hatchi ikadya pa f6 iye adya ndi poni ya g7, mzere wachisanu ndi chiwiri utseguka, kwini wake wa e7 ayang'ana mpaka pa h7, meti palibe. Zoonadi, ukatsata dongosolo limenelo palibe meti. Chimene sanachione nchoti dongosololo litha kutembenuzidwa, choyamba nkukhala chomaliza.

11.Qxh7+. Kwini wathunthu kusinthanitsa ndi poni imodzi.

Mfumu ilibe kochitira, f7 yagwidwa ndi hatchi ya e5, h8 yagwidwa ndi kwini, pa f8 pali ruku yake yomwe, ndiye iyenera kudya basi, 11...Kxh7. Kenako 12.Nxf6+, ndipo apa mpamene pagona gemu yonse, chifukwa iyi ndi cheki ya mapisi awiri nthawi imodzi, hatchi ya f6 ikupereka cheki komanso bishopu wa d3 watsegulidwa akuperekanso cheki. Cheki yotereyi sungaitchinge, sungadyenso pisi imodzi nkupulumuka chifukwa inzake ikukuyang'anabe, mfumu iyenera kuyenda yokha. Hatchi ya f6 ija ikhoza kudyedwa ndi zinthu zitatu, poni ya g7, kwini wa e7, ruku ya f8, koma palibe chimodzi chololedwa kuikhudza. Mfumu ili ndi malo awiri okha. Ikabwerera mkona pa h8, 13.Ng6 ndi meti pompo, chifukwa g8 ndi h7 zagwidwa ndi hatchi ya f6, pa g7 pali poni yake, ndipo maponi a f7 ndi h7 amene akanadya pa g6 kulibe onse awiri. Ndiye Thomas anatuluka panja, 12...Kh6, ndipo uku kunali kusankha kwake komaliza mu gemu yonse.

Kuyambira apa tsatani bwinobwino timabokosi, ine pamenepa mpamene ndimakonda kwambiri, ndipo ndikamaphunzitsa ana ndimawauza kuti aike chala pa kabokosi kalikonse kozungulira mfumu nkunena mokweza kuti kagwidwa ndi ndani. 13.Neg4+, hatchi ya e5 ndiyo yabwera pa g4, osati ya f6 ayi, ndipo kusankha kumeneku nkofunika zedi, chifukwa hatchi ya f6 ikugwira h5, komanso yaima ngati chitseko kutchinga kwini wakuda kuti asaone g5 ndi h4, kutchinganso ruku ya f8 kuti isatsike mzere wa f. Mahatchi awiriwa tsopano akutetezana, wa f6 akuteteza g4, wa g4 akuteteza f6. Mfumu singapite g6 chifukwa cha bishopu, singapite h5, yatsala g5 yokha, 13...Kg5. Kenako 14.h4+, poni wamba kupereka cheki, mfumu singaidye poti ruku ya h1 ili kumbuyo kwake, h6 yagwidwa ndi hatchi ya g4, f5 ndi g6 bishopu, yatsala f4. 15.g3+, poni inanso, yotetezedwa ndi inzake ya f2, e5 yagwidwa ndi poni ya d4, e4 bishopu ndi hatchi, g5 tsopano yatsekedwa ndi poni ya h4 ija, kubwerera kulibenso, 15...Kf3. Ndipo taonani chinthu chowawa, poni ya g itangochoka pa g2, bishopu wakuda wa b7 anatsegukira mzere wonse mpaka pa ruku ya h1, koma mpata woidya sanaupeze chifukwa mfumu yake inali pa cheki, ndipo mfumuyo pothawa inakaima pa f3, pamzere womwewo, kumutchinga bishopu wake yemwe. 16.Be2+ Kg2, 17.Rh2+, ruku yotetezedwa ndi hatchi ya g4, 17...Kg1, kenako 18.Kd2 meti, mfumu yoyera yangopatuka pang'ono kuti ruku ya a1, imene inali isanasunthe gemu yonse, ione mzere woyamba mpaka pa g1. Akanathanso kumaliza ndi castling ya mbali ya kwini, nayonso inali meti.

Tsopano tiwerenge monga amawerengera malume, kwini 9, ruku 5, bishopu ndi hatchi 3, poni 1. Pamapeto pa gemu, kupatula maponi, Thomas anali ndi kwini, maruku awiri, bishopu ndi hatchi, zonse pamodzi 25. Lasker anali ndi maruku awiri, bishopu ndi mahatchi awiri, 19. Koma pa 25 ameneyo palibe olo pisi imodzi imene inasuntha kuyambira muvu 11 mpaka kumapeto, mamuvu asanu ndi awiri otsatizana Thomas anangogwira mfumu yokhayokha. Nanga 25 ameneyo anali wa ntchito yanji? Ichi ndiye chimene ndimafuna malume achimve, pisi ili ndi mtengo wake pokhapokha ngati ikupeza mpata woyenda, ndipo munthu amene akukupatsa cheki muvu iliyonse wakulanda mpata umenewo, mapisi ako onse asanduka zokongoletsa pa bolodi. Chimene Lasker anagula ndi kwini wake ndi nthawi, kuti iyeyo azisewera yekha mnzake azingoyankha.

Ndipo kwa anyamata, mphwanga makamaka, nali langa. Inu mumaona Qxh7 nkumati eee kulimba mtima kwake, koma panalibe zolimba mtima apa, panali kuwerenga. Muvu iliyonse kuyambira 11 mpaka 18 ndi cheki, ndipo pa malo amodzi okha mpamene mfumu inali ndi njira ziwiri, imodzi mwa izo meti pompo. Mtengo wa mamuvu wotere, wopanda nthambi, munthu atha kuutsata mmutu mpaka kutali ndithu ngati wazolowera. Amene munakulira kumudzi kapena kumafamu a ku Mazowe ndi Bindura mukudziwa mmene timakumbira mbewa, suyamba nkukumba kapena kufukiza utsi pa una waukulu, umayamba wazungulira kaye nkutseka mbuli zonse, ukasiya imodzi mbewa ituluka pamenepo iwe nkutsala ndi khasu mmanja. Kwini akangopita sabwerera, ndiye kabokosi kamodzi kokha kosatsekedwa, kapena muvu imodzi yokha yopanda cheki, gxf6 ikubwera ndipo gemu yatha, mwaluza.

Komanso dziwani kuti anthu atayang'anitsitsa gemuyi pambuyo pake anapeza kuti panali njira yofupikirapo. 14.f4+ mmalo mwa h4 imafika pa meti msanga ndi muvu imodzi kapena ziwiri, mwachitsanzo mfumu ikadya pa f4, 15.g3+ Kf3 kenako castling ya mbali ya mfumu ndi meti, ruku ikupereka cheki kuchokera pa f1. Pa muvu 16 naponso Kf1 yongokhala phee kenako Nh2 meti inali yofulumira. Ine izi sizichotsa kanthu pa gemuyi, mmalo mwake zimandionetsa kuti mfumu ikangokokedwa kufika pakati pa maponi a mdani, njira zoiphera zimakhala zambiri, ndipo Lasker anatenga njira imene muvu iliyonse inali cheki, imene munthu uli pa bolodi ndi wotchi ikuyenda umaikhulupirira kwambiri.

Nsembe, kutanthauza kupereka pisi mwadala, imene anyamata athu amaikonda kuposa zonse ndi ya bishopu pa h7, imene ikupezeka kale mzolemba za Gioachino Greco wa ku Italy cha mma 1620, ndiye ndi yakale zedi ndipo zofunika zake zimadziwika bwino. Bishopu adya pa h7 ndi cheki, mfumu idya bishopu, hatchi idumpha pa g5 ndi cheki, kwini abwera pa h5. Koma musanagwire bishopuyo dzifunseni, kodi mdani angathe kubweretsa hatchi pa f6? Nchifukwa chake poni yoyera pa e5 imafunika, imaletsa zimenezo. Kodi bishopu wake angafike pa f5 nkuteteza h7 chakumbuyo? Kodi hatchi yanu pa g5 ili ndi woiteteza, bishopu wa c1 kapena poni ya h4, poti ngati pa e7 pali bishopu wakuda ndi kwini kumbuyo kwake angoidya basi? Ndipo chimene ambiri amaiwala, mfumu sikakamizidwa kubwerera pa g8, itha kutuluka pa g6, nthawi zina pa h6, ndipo iliyonse mwa njira zitatuzi imafuna yankho lakelake. Ndaonapo kangapo pagulu lathu mnyamata ataponya bishopu, malume nkutulutsa mfumu pa g6 mosatekeseka, mnyamata nkuyamba kuganiza pamenepo, pamene kuganizako kumafunika bishopu asanachoke pa d3. Zimandiwawa chifukwa anawa luso ali nalo, diso loona mfumu yosatetezedwa ali nalo kuposa malume, chikuwasowa ndi kudekha kwa mphindi ziwiri zokha kuti awerenge.

Sindikunena kuti nsembe zonse zimawerengeka mpaka pa meti ayi. Tal, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1960 atagonjetsa Mikhail Botvinnik, ankapereka mapisi pamalo oti mapeto ake sakuoneka, kudalira kuti mnzakeyo asochera mu chipwirikiti, ndipo zina mwa nsembe zakezo anthu anadzazipeza kuti zinali ndi yankho. Koma Tal ankawerenga mwachangu kuposa amene ankasewera nawo, chipwirikiticho chinali kwawo, ndiye amene akufuna kumutsanzira ayambe kaye watsanzira kuwerengako. Garry Kasparov naye pa mpikisano wa ku Wijk aan Zee, ku Netherlands, mu 1999 anapereka ruku kwa Veselin Topalov, 24.Rxd4, nkuithamangitsa mfumu yakuda kuchoka ku mbali ya kwini kutsika mpaka pa d1, ndipo gemu imeneyo ndi yovuta kuposa ya Lasker kutalitali chifukwa mkati mwake muli mamuvu opanda cheki, monga 28.Qc3 ndi 36.Bf1, pamene mdani akupatsidwa mpata wochita chilichonse koma palibe chomupulumutsa. Chimene ndimafuna anyamata aone mu gemu imeneyo nchoti Topalov sanakakamizidwe kudya ruku ija, 24...Kb6 inalipo ndipo gemu ikanapitirira bwinobwino. Apa ndiye phunziro likubwerera kwa malume, sikuti chilichonse choikidwa pakamwa nchoyenera kumeza, pa drafti kudya nkokakamiza koma pa tchesi mutha kukana.

Nthawi zina anawa amaona ngati zinthu izi ndi za ku Ulaya kokha, za anthu a mmabuku. Ndimawakumbutsa kuti Robert Gwaze wa konkuno ku Zimbabwe anapita ku Olympiad, mpikisano wa matimu a mayiko, ya ku Bled ku Slovenia mu 2002 nkuwina magemu onse asanu ndi anayi amene anasewera pa bolodi loyamba, nkutenga mendulo ya golide, ndipo Amon Simutowe wa ku Zambia, dziko loyandikana nalo lomweli kumene Chinyanja chathu chimayankhulidwa, anafika pa Grandmaster, udindo wapamwamba wa osewera tchesi. Anthu amenewa sanafike pamenepo poponya mapisi mwachisawawa, komanso sanafikepo pongokhala mwamantha kusunga maponi. Ana athu a ku Highfield, Mbare, Mufakose, amene kunyumba amayankhula Chichewa ndi agogo awo kunja nkumayankhula Chishona, mitu yawo ndi yakuthwa mokwanira, bolodi la pulasitiki lopinda ndi mapisi ake sizodula kwenikweni, ndipo magetsi akazima tchesi imaseweredwabe pakhonde.

Funso limene malume anandifunsa titayala gemuyi pa tebulo lawo lodulirapo nsalu linali labwino kuposa onse amene anyamata anafunsa. Anati, "Nanga iwe mphwanga, mzunguyu akanatani kuti asafe chonchi?" Ndipo yankho lake lili pa muvu 10. Mmalo mwa Qe7, Thomas akanadya hatchi ya e5 ndi bishopu wake, 10...Bxe5. Hatchi imeneyo ndi imene ikugwira f7 ndi g6, ndi imene ikupereka meti pa g6 mfumu ikathawira mkona, ndi imenenso ikubwera pa g4 kudzayamba kuikoka mfumu. Ikachoka, yesani nokha kuponya kwini pa h7, mfumu idya, hatchi yotsalayo ipereka cheki yake ya pawiri pa f6, mfumu ingolowa pa h8 ndipo palibe wina wobwera kudzamaliza, oyera atsala opanda kwini. Ndiye Lasker akanangobweza kudya pa e5 gemu nkumapitirira ngati gemu ina iliyonse. Thomas anayang'ana chimene mdani akuopseza nkuchitchinga, chimene chinafunika chinali kuwerenga mapisi amene aunjikana pakhomo pa mfumu yake, anayi, nkuchotsapo imodzi msanga. Malume anakhala chete kanthawi akuyang'ana bolodi, kenako anabweza mapisi onse pa muvu 10, nkundiuza kuti ndikhale mbali ya oyera, iwo atenga akuda, tiyambire pomwepo ndi Bxe5 tione ngati ndingawapezenso.